Ndere Zikamabwerera Padziwe Chaka ndi Chaka: Poyambira Kufufuza

Anthu osamalira maiwe a nsomba ndi madamu ang'onoang'ono amabwera ndi dandaulo limodzimodzi: "Tinavuula ndere zonse, madzi anayera bwinobwino, koma sipanathe ndi mwezi womwe zabweranso, ndipo ulendo uno zachita kunyanya. Tithire mankhwala anji?" Yankho langa silikondweretsa ambiri, chifukwa mankhwala ndimawaika pamapeto penipeni, ngati angafunike n'komwe. Ndere zimamera pamene pali chakudya chake, ndipo dziwe limene limabiriwira nyengo yotentha iliyonse lili ndi nkhokwe ya chakudyacho penapake, kaya kumtunda kumene madzi akuchokera kapena m'matope a pansi pake. Ntchito yonse ndi kuipeza nkhokweyo. Koma tiyambe ndi zimene maso akuona, popeza zina mwa izo sizidikira.

Chimene chaphimba madziwo n'chiyani kwenikweni?

Dzina lakuti ndere timaitanira zinthu zosiyana kwambiri, ndipo chisokonezo chimayambira pomwepa. Tengani ndodo yaitali, muipise pamene pabiriwira kwambiri, kenako muitukule pang'onopang'ono. Ikatuluka ndi ulusi wautali wolendewera ngati tsitsi lonyowa, zimenezo ndi ndere za ulusi monga Spirogyra ndi Cladophora. Zimakola maukonde ndi kutseka mapaipi, koma nthawi zambiri sizikhala ndi poizoni, ndipo mutha kungozikokera kumtunda. Mukazikoka musazisiye m'mphepete mwa madzi, chifukwa zikawola mvula idzabwezera chakudya chonse m'dziwemo. Ngati pamwambapo pali timasamba ting'onoting'ono tokhala ndi timizu, timeneto ndi tizomera ta Lemna, si ndere ayi.

Ndodo ikatuluka itapakika ngati mwaiviika m'chitini cha penti wobiriwira, yambani kukayikira ma cyanobacteria. Amenewa ndi mabakiteriya amene amadzipangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga zomera, ndipo ndiwo amavutitsa kwambiri. Valani magolovesi, tungani madzi m'botolo loonekera mkati, musiye kampata pamwamba, ndipo muliike pamalo ozizira ndi amdima usiku wonse osaligwedeza. M'mawa mukapeza mkombero wobiriwira wayandama kukhosi kwa botolo, mwina ndi iwowo, pakuti ambiri mwa iwo ali ndi timatumba ta mpweya m'maselo mwawo timene timawakweza pamwamba. Zobiriwirazo zikadikha pansi, kawirikawiri zimakhala ndere wamba. Mukapeza dothi lofiirira pansi, vuto lanu ndi kukokoloka kwa nthaka kapena nsomba zovundula matope.

Kuyesa kwa botoloku ndi kongoyambira. Mitundu ina ya ma cyanobacteria, monga Planktothrix ndi Raphidiopsis, imatha kumwazikana m'madzi onse osapanga chikhungu pamwamba, pomwe Euglena, yemwe si cyanobacteria, amayandama n'kupanga kansalu kobiriwira kapena kofiira. Chotsimikizira ndi mayikulosikopu. Ngati labotale ili kutali, thirani timadontho ta ayodini wa Lugol m'botolo mpaka madzi aoneke ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo maselo asungika mpaka akapimidwe.

Nsomba zikuyasama pamwamba mbandakucha

Apa musataye nthawi. Masana ndere zimapanga okosijeni wambiri, koma usiku zimasiya kupanga n'kuyamba kugwiritsa ntchito yemweyo, pamodzi ndi nsomba ndi mabakiteriya a m'matope. Pofika mbandakucha mpweya umakhala utatsika kwambiri. Madzi ofunda amasunga okosijeni wochepa kale: pa madigiri 20 lita imodzi imasunga mamiligalamu pafupifupi 9, pa madigiri 30 imasunga pafupifupi 7.5. Nsomba zambiri zimakula bwino pa mamiligalamu 5 kupita m'mwamba, ndipo akatsika kufika pa 2 zimayamba kubanika. Kukachita mitambo masiku awiri kapena atatu otsatizana, kopanda mphepo, ndiye kuti ndere sizinapange mpweya wokwanira masana koma usiku zikupumabe monga mwa nthawi zonse. Nsomba zambiri zimafa m'masiku oterewa.

Siyani kudyetsa nsomba tsiku limenelo, siyaninso kuthira manyowa kapena feteleza. Ngati muli ndi pampu, kokani nayo madzi a pafupi ndi pamwamba n'kuwawaza m'mwamba kuti agwere m'dziwemo ngati mvula. Musakoke madzi a pansi, mulibe mpweya ndipo mungovundula matope. Ngati pali madzi abwino oti mulowetse, lowetsani, ndipo otuluka akhale a pansi. Musaponye ukonde, nsomba zobanika sizipirira kuthamangitsidwa.

Nsomba zikamaoneka zofooka masana dzuwa lili phwee, pomwe mpweya uli wambiri, yezani pH, muyeso wa asidi m'madzi: 7 ndiye pakati, ndipo nambala ikamakwera asidi akuchepa. Ndere zochuluka zimayamwa kaboni dayokisaidi yense m'madzi ndipo pH amakwera kufika pa 9 kapena 10. Pamenepo amoniya, wochokera ku ndowe za nsomba ndi chakudya chotsala, amasanduka mtundu umene umapha. Pa pH 7 mtundu woopsawo sufika ndi 1 peresenti yomwe ya amoniya yense, koma pa pH 9 m'madzi a madigiri 25 umapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Amoniya ndi yemweyo, chasintha ndi pH basi.

Pali ngozi inanso ya maiwe akuya. Nyengo yotentha madzi amagawikana: ofunda pamwamba, ozizira ndi opanda mpweya pansi. Kukagwa chimvula chozizira cha mphepo, magawo awiriwa amasakanikirana mwadzidzidzi, dziwe lonse limada ndi kununkha ngati dzira lowola, ndipo nsomba zimafa tsiku lomwelo. Ambiri amathamangira kunena kuti wina wathiramo poizoni, chonsecho poizoniyo anali pansi pa dziwe lawo lomwe.

"Ndinathira mankhwala, zinthu zaipiraipira"

Izi zinandichitikira ine ndemwe. Dziwe limene ndinkasamalira linaphimbika ngati lathiridwa penti, ndipo munthu wina anandilangiza kopa salifeti. Ndinasungunula timiyala ta buluu tija m'ndowa n'kuwaza dziwe lonse m'mawa umodzi. Tsiku lachiwiri madzi anasanduka otuwa, pofika madzulo ndinkatha kuona mkono wanga mpaka m'chigongono, ndipo ndinagona ndikudzitama. M'mawa wa tsiku lachitatu fungo linandichingamira ndisanafike n'komwe. Nsomba zinali zitaunjikana pamene madzi amalowera, milomo ili yasa pamwamba, ndipo zikuluzikulu, zomwe ndinkaziwerengera, zinali zitatembenuka kale mimba zili mbee. Patatha milungu itatu dziwe linabiriwiranso kuposa poyamba.

Chimene chinachitika n'chosavuta kumva. Ndere zonse zinafa nthawi imodzi, mabakiteriya anayamba kuziwoletsa ndipo anamaliza mpweya, pomwe chopanga mpweya watsopano panalibenso. Zitawola, chakudya chonse chimene chinali m'maselo mwake chinabwerera m'madzi, ndipo ndere zochepa zotsala zinapeza mbale yodzadza popanda wolimbirana nazo. Kopa amaphanso tizilombo ta m'madzi timene timadya ndere, ndipo sawola, amangodikha m'matope n'kumaunjikana chaka ndi chaka. M'madzi amene alkalinity yake, mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi, ndi yotsika, pansi pa mamiligalamu 50 pa lita, kopa yekhayo amatha kupha nsomba.

Choopsa koposa ndi chakuti poizoni wambiri wa ma cyanobacteria amakhala wotsekeredwa m'maselo, ndipo mankhwala akaphulitsa maselowo amakhuthukira m'madzi. Mu 1979 pa chilumba cha Palm Island ku Australia, damu la Solomon limene anthu ankamwa linathiridwa kopa salifeti pofuna kupha ndere. Pasanapite nthawi ana opitirira 100 anagonekedwa m'chipatala ndi matenda a chiwindi ndi impso. Ofufuza anadzapeza m'damumo mtundu wa cyanobacteria wopanga poizoni amene pano amatchedwa cylindrospermopsin. Choncho ngati madziwo amamwa anthu kapena ziweto, mankhwala opha ndere asathiridwe ndere zitachuluka kale. Ngati palibiretu njira ina padziwe la nsomba, thirani mbali imodzi yokha, yosapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu, pampu ili chire, ndipo mudikire sabata kapena kuposerapo musanapite mbali ina.

Mankhwala ena opha ndere, hydrogen peroxide, ndi ofatsirapo. Amasanduka madzi ndi okosijeni pakapita maola kapena masiku ochepa, ndipo ma cyanobacteria amafa naye msanga kuposa ndere zina. Ku Netherlands mu 2009 ofufuza anathira mamiligalamu 2 pa lita m'kanyanja kena ndipo Planktothrix anatsika kwambiri kwa milungu ingapo. Koma nayenso sachotsa chakudya cha ndere. Za mapesi a barele amene ena amawalimbikitsa, kafukufuku wapereka zotsatira zosagwirizana, ndipo ngakhale pamene athandiza amangochedwetsa ndere zatsopano, sapha zomwe zilipo.

N'chifukwa chiyani zimabwerera?

Ndere zimafuna kaboni, nayitrojeni ndi fosiforasi. Alfred Redfield anaonetsa mu 1934 kuti tizamoyo toyandama m'nyanja zamchere timakhala ndi zinthu zimenezi pa mlingo wokhazikika, umene pano umalembedwa kuti maatomu 106 a kaboni, 16 a nayitrojeni ndi 1 ya fosiforasi. Fosiforasi amafunika wochepa chonchi, koma m'madzi ambiri opanda mchere ndiye amayamba kutha, ndiye kuti ndiye amalamula kuchuluka kwa ndere. Galamu imodzi yake imatha kukuza magalamu pafupifupi 500 a ndere zonyowa.

Umboni womveka bwino unachokera ku Experimental Lakes Area ku Ontario, m'dziko la Canada. Mu 1973 David Schindler ndi anzake anadula nyanja yotchedwa Lake 226 pakati ndi katani ya pulasitiki. Mbali zonse ziwiri anathira kaboni ndi nayitrojeni, koma mbali imodzi yokha anawonjezera fosiforasi. Mbali ya fosiforasiyo inabiriwira ndi ma cyanobacteria, inayo inakhalabe yoyera. Chithunzi chimene anajambula ali m'ndege chinathandiza kuti maboma ambiri achepetse fosifeti, mchere wokhala ndi fosiforasi, mu sopo wa ufa ndi m'madzi a suweji. Pa nyanja ina yapafupi, Lake 227, anayamba kuthira feteleza mu 1969, ndipo mu 1990 anasiyiratu nayitrojeni n'kumangothira fosiforasi. Ndere sizinachepe. Mitundu yotha kutenga nayitrojeni mumpweya, monga Aphanizomenon, ndi imene inalanda malo.

Si ofufuza onse amene amavomereza kuti fosiforasi yekha ndi wokwanira. Hans Paerl ndi ena amene anafufuza nyanja ya Taihu ku China amanena kuti Microcystis, cyanobacteria yemwe satha kutenga nayitrojeni mumpweya, amakondwa ndi nayitrojeni wa feteleza, choncho zonse ziwiri zichepetsedwe. Kwa mwini dziwe mkanganowu usamusowetse tulo. Ndowe, suweji, feteleza ndi chakudya cha nsomba zimabweretsa zonse ziwiri pamodzi, ndipo mukatseka njira imodzi mwachepetsa zonse.

Tsono pamene ambiri amagwa mphwayi ndi apa: atseka ngalande yonyansa, asamutsa khola, koma chaka chotsatira dziwe labiriwiranso. Chifukwa chake chili m'matope. Fosiforasi amene wakhala akulowa kwa zaka zambiri sanapite kulikonse, anadikha pansi n'kugwirana ndi ayironi. Madzi a pansi akakhala ndi okosijeni, ayironiyo amamugwira zolimba. Mpweya ukatha pansipo, ayironi amasungunuka n'kumutaya, ndipo fosiforasi amabwerera m'madzi. Clifford Mortimer anafotokoza zimenezi mu 1941 atafufuza nyanja za ku Lake District ku England. Onani mmene zimazungulirira: ndere zikachuluka zimafa n'kugwera pansi, zikamawola zimamaliza mpweya, mpweya ukatha matope amatulutsa fosiforasi, fosiforasiyo amakuza ndere zina. pH wokwera wa masana uja nayenso amamasula fosiforasi m'matope a malo osaya. Dziwe limafika podzidyetsa lokha. Ndipo mbewu ilipo kale, chifukwa Microcystis amakhala m'matope nyengo yozizira yonse, pomwe mitundu ina imasiya maselo olimba odikira kuti kufunde.

Zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti nkhokwe ya pansiyi iphwe? Kafukufuku wa nyanja 35 za ku Ulaya ndi North America, amene Erik Jeppesen ndi anzake anafalitsa mu 2005, anapeza kuti nyanja zambiri zinatenga zaka 10 mpaka 15 chichepetsereni zonyansa kuti fosiforasi akhazikike pa mlingo watsopano. Dziwe laling'ono lili ndi mwayi umene nyanja ilibe: mutha kuliphwetsa.

"Ndayeza fosifeti, zikuonetsa ziro"

Izi zimasokoneza ngakhale ophunzira. Timabokosi toyezera madzi timene anthu ambiri amagula timayeza fosifeti wosungunuka yekha. Ndere zikachuluka zimakhala zitamuyamwa yense, ndipo ma cyanobacteria amasunganso wina wapadera m'maselo wodzagwiritsa ntchito mtsogolo. Ziro ameneyo akutanthauza kuti chakudya chili m'mimba mwa ndere, osati kuti kulibe. Pemphani labotale iyeze fosiforasi yense, amene amati total phosphorus, pa madzi osasefa. Ngati dziwe ndi lakuya, tengani botolo lina la madzi a pafupi ndi pansi kumapeto kwa nyengo yotentha. Likapezeka ndi fosiforasi wambiri kuposa la pamwamba, mwagwira matope akutulutsa.

Mphepo nayonso imanamiza. Chikhungu cha ma cyanobacteria chimakankhidwira kugombe limene mphepo ikulowera, ndiye wotunga mbali imeneyo anena kuti zinthu zafika poipa pomwe wotunga mbali inayo anena kuti zatha. Tizamoyoti timakweranso ndi kutsika: usiku wabata timayandama, ndipo m'mawa pamakhala chikhungu chimene madzulo ake panalibe. Muzitunga malo omwewo, awiri kapena atatu, pa ola lomwelo, kuya komweko. Madzi oyezera chlorophyll, chobiriwira cha m'ndere chimene chimasonyeza kuchuluka kwake, asaonane ndi dzuwa, akhale pozizira, ndipo asefedwe tsiku lomwelo.

Kutsata kumene chakudyacho chikuchokera

Tsiku labwino lofufuzira ndi la mvula yamphamvu. Valani majombo, yambirani pamene madzi amalowera m'dziwe n'kumatsata kangalande kalikonse chokwera mtunda. Fosiforasi wambiri wa chaka chonse amalowa pa mvula zikuluzikulu zochepa, atamatirira ku dothi lokokoloka, choncho amene amayendera dziwe kunja kuli ngwee saona kalikonse. Yang'anani madzi ochokera kukhola, mulu wa manyowa umene uli potsetsereka, munda wothiridwa feteleza mvula ili pafupi, chimbudzi kapena thanki ya suweji yodontha, ndi malo amene ziweto zimalowa m'madzi n'kumaponda gombe ndi kunyeramo. Abakha ndi atsekwe ambiri padziwe laling'ono nawonso sachepa.

Padziwe la nsomba, gwero lalikulu kawirikawiri ndi mwini wake. Pa nayitrojeni ndi fosiforasi amene ali m'chakudya cha nsomba, gawo losafika theka ndi limene limasanduka mnofu, lotsalalo limathera m'madzi. Chakudya chimene nsomba sizinamalize pakatha mphindi 15 kapena 20 ndi feteleza wa ndere. Ndaonapo anthu akuthirabe manyowa sabata iliyonse m'dziwe limene ndi lobiriwira kale bii, chifukwa chakuti ndondomeko imene anapatsidwa poyamba inanena choncho. Manyowa cholinga chake n'kubiriwitsa madzi pang'ono. Akabiriwira, siyani.

Zokonza zake zilibe chodabwitsa. Patutsani madzi a kukhola asalowe m'dziwe. Siyani udzu wothithikana wa mamita angapo kuzungulira gombe ndi m'mbali mwa ngalande kuti uzigwira dothi. Kumbani kadziwe kakang'ono kumtunda kodikhitsira matope, ndipo muzikakumbula kakadzadza. Tchingani mpanda kuti ziweto zizimwera m'chomwera chakunja.

Kuti zimenezi zimagwira ntchito, umboni ulipo. Lake Washington ku Seattle inayamba kuda ndi ma cyanobacteria otchedwa Oscillatoria m'ma 1950 chifukwa cha suweji. W. T. Edmondson wa ku University of Washington anachenjeza, suweji inapatutsidwa pakati pa 1963 ndi 1968, ndipo nyanjayo inayera m'zaka zochepa, mwa zina chifukwa ndi yakuya ndipo madzi ake a pansi sanathe mpweya. Lake Erie inachira pambuyo pa pangano la Canada ndi United States la 1972, koma ndere zinayambanso kubwerera m'ma 1990, ulendo uno chifukwa cha fosiforasi wosungunuka wochokera m'minda ya m'chigwa cha mtsinje wa Maumee. Paipi ya suweji ndi imodzi, mutha kuiloza ndi chala. Minda ndi masauzande.

Nanga matope aja?

Ngati dziwe limaphwetseka, liphwetseni mukakolola, lisiyeni liume mpaka ling'aluke, ndipo mupale thope lakuda lofewa la pamwamba. Thopelo ndi manyowa abwino, koma likatayidwe kumene mvula singalibwezere. Kuumitsa kokha osapala kumathandiza pang'ono, ndipo nthawi zina madzi akangobwerera matope ouma amatulutsa fosiforasi wambiri masabata oyamba, ndiye musadabwe. Madzi ophwetsawo musawatsanulire mumtsinje ndere zili pachimake, mungosamutsira vuto kwa a kumunsi.

Pa damu losaphwetseka pali njira zomangira fosiforasi pansi pomwepo. Aluminium sulphate, amene ambiri amangoti alum, amagwira fosiforasi ndipo samutaya ngakhale mpweya utatha. Koma amatsitsa pH, ndipo pH akatsika pansi pa 6 aluminiyamu amapha nsomba, choncho mlingo wake awerengere munthu amene wayeza alkalinity ya madziwo. Palinso dongo losakaniza ndi chitsulo cha lanthanum lotchedwa Phoslock, limene linapangidwa ndi bungwe la CSIRO ku Australia. Zonsezi n'kutaya ndalama ngati zonyansa zikulowabe, chifukwa matope atsopano adzakwirira mankhwalawo. Makina opopera mpweya pansi amathandiza pawiri: ayironi amagwirabe fosiforasi, ndipo madzi oyenda amalanda ma cyanobacteria mwayi wawo woyandama pamwamba n'kutchingira anzawo dzuwa. Makina ochepa mphamvu pa damu lalikulu ndi oipa kuposa kusakhala nawo, amangokweza madzi onyansa a pansi. Poyamba muziwayatsa kwa kanthawi kochepa n'kumawonjezera tsiku ndi tsiku.

Musaiwale zamoyo zina za m'dziwemo. Marten Scheffer ndi anzake anaonetsa m'ma 1990 kuti nyanja yosaya imatha kukhazikika m'mikhalidwe iwiri pa chakudya chofanana: yoyera yokhala ndi zomera za pansi pa madzi, kapena yakuda ndi ndere yopanda zomera. Zomerazo zimagwira matope, zimalimbirana chakudya ndi ndere, ndiponso zimabisa tizilombo todya ndere monga Daphnia kuti nsomba zisatimalize. Amene amazula zomera zonse pofuna kuti damu lioneke laukhondo amakhala akuitana ndere. Nsomba za carp zimafukula pansi pofuna chakudya, zimazula zomera ndi kuvundula fosiforasi, ndipo tinsomba tambirimbiri ting'onoting'ono timadya Daphnia yense. Kuchepetsa nsomba zoterezi kwayeretsa nyanja zambiri zosaya ku Denmark ndi Netherlands, ngakhale kuti zina zinadanso patapita zaka kumene fosiforasi anali akadali wambiri. Ku Lake Washington komwe kuja madzi anayereratu kwambiri Daphnia atachuluka cha m'ma 1976.

Ziweto, agalu ndi madzi akumwa

Maso sangakuuzeni ngati ndere zili ndi poizoni. Mtundu umodzi womwewo wa Microcystis uli ndi magulu opanga poizoni ndi osapanga, ndipo pa mayikulosikopu amaoneka chimodzimodzi. Chikhungu chilichonse chooneka ngati penti muchitenge ngati choopsa mpaka labotale itanena. Vutoli si lachilendo: mu 1878 George Francis analemba za nkhosa, akavalo, agalu ndi nkhumba zimene zinafa zitamwa madzi a Lake Alexandrina ku Australia. Mu 2020 njovu zopitirira 300 zinafa kumpoto kwa Botswana, ndipo boma la kumeneko linati chinazipha ndi poizoni wa ma cyanobacteria a m'maiwe omwera. Ziweto zimamwera m'mphepete, pamene mphepo imaunjika chikhungu. Galu akasambiramo amadzinyambita ubweya, ndipo poizoni wina, anatoxin-a, amagwira minyewa n'kupha pasanathe maola. Mutsukeni ndi madzi abwino nthawi yomweyo, ndipo akayamba kudzandira, kuchucha dovu kapena kusanza, thamangirani kwa dokotala wa ziweto.

Kuwiritsa madzi sikuwononga microcystin, poizoni wa ma cyanobacteria amene amawononga chiwindi. Madzi akamaphwa m'poto mlingo wake umangokwera. N'chifukwa chake mu Ogasiti 2014 anthu pafupifupi 400,000 a ku Toledo, m'mphepete mwa Lake Erie, anauzidwa kuti asamwe ngakhalenso kuwiritsa madzi a m'mipope kwa masiku pafupifupi atatu. Mu 2007 anthu pafupifupi 2 miliyoni a mumzinda wa Wuxi anakhala opanda madzi akumwa kwa sabata chifukwa cha ndere za ku Taihu. Ku Caruaru m'dziko la Brazil mu 1996 odwala impso opitirira 50 anamwalira madzi okhala ndi poizoniyu atalowa m'makina osefera magazi. Bungwe la World Health Organization linaika malire a poizoniyu pa mayikulogalamu 1 pa lita m'madzi amene munthu amamwa moyo wake wonse. Kusefa ndi nsalu kumachotsa zina mwa ndere koma poizoni wosungunuka amadutsa. Amene amamugwira ndi makala apadera a activated carbon. Ndere zikatha, poizoni amatha kutsalabe masiku kapena milungu, ndiye musatsegule mpanda tsiku limene madzi ayera. Nsomba zogwidwa m'madzi otere muzichotsa matumbo ndi chiwindi, kumene poizoni amaunjikana kwambiri, ndipo zofa zokha musadye.

Mbale yoyezera ndi kope

Chida chimene chingakuthandizeni kuposa zonse ndi mbale ya Secchi, imene inatenga dzina kwa wansembe wa ku Italy, Angelo Secchi, yemwe anaigwiritsa ntchito pa nyanja ya Mediterranean mu 1865. Dulani chivindikiro cha ndowa chikhale chozungulira masentimita 20, muchigawe panayi n'kupaka zoyera ndi zakuda mosinthanasinthana, mumangirire chitsulo kunsi ndi chingwe cholembedwa masentimita. Imani dzuwa lili kumsana, chitsitseni mpaka chisiye kuoneka, lembani kuya kwake, chikwezeni mpaka chionekenso, lembaninso, ndipo mutenge pakati pa manambala awiriwo. Padziwe la nsomba lothiridwa manyowa, masentimita 30 mpaka 45 ndi abwino. Mukafika pa 25 siyani manyowa ndi kuchepetsa chakudya. Pansi pa 20 konzekerani pampu usiku womwewo.

Muziyeza kawiri pa sabata, dzuwa lili pamutu, ndipo m'kope muzilembamo kutentha kwa madzi, mtundu wake, mvula imene yagwa, kumene mphepo ikulowera ndi chakudya chimene mwaponya. Ma cyanobacteria ambiri amakula mofulumira madzi akapitirira madigiri 25, ndiye masabata amenewo kope lisadumphe tsiku. Pakatha nyengo ziwiri mudzatha kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene poyang'ana ndi maso zimafanana. Ngati mbale imasowa msanga sabata imodzi kapena ziwiri chigwereni chimvula, chakudya chikuchokera kumtunda, ndipo ntchito yanu ili ku ngalande, kukhola ndi kumunda. Ngati imasowa pakati pa nyengo youma ndi yotentha, kopanda madzi alionse olowa, chakudya chikuchokera m'matope kapena m'ndowa yanu ya chakudya cha nsomba, ndipo mukachepetsa chakudyacho kwa milungu iwiri mbale idzakuuzani kuti ndi chiti mwa ziwirizi.